Paketi yoyamba ikusowa ndikayatsa EEE mu driver yanga, kodi ndingozimitsa basi?

Kondwani

Moni nonse. Ndasowa mtengo wogwira, ndiye ndati ndifunse kwa inu amene munadutsamo kale.

Ndikulemba driver ya Ethernet ya kabodi kakang'ono koyendera Linux. MAC (gawo lokonza ndi kutumiza mapaketi) ili m'kati mwa chip yaikulu, PHY ya gigabit (chip yolankhula ndi waya) ili payokha, ndipo ziwirizi zalumikizana pa mizere yotchedwa RGMII. Kabodika ntchito yake ndi yochepa kwambiri: kamawerenga masensa n'kutumiza timauthenga tingapo ta UDP pa mphindi, nthawi yonse yotsalayo kamangokhala duu. Koma kamayaka usana ndi usiku chaka chonse, ndipo tikupanga tambiri. N'chifukwa chake mtima wanga uli pa Energy Efficient Ethernet (EEE), njira yogonetsa link ikakhala yopanda chonyamula kuti isadye magetsi ambiri, ija ya IEEE 802.3az yomwe inavomerezedwa mu 2010. Link ya 1000BASE-T (gigabit ya pa waya) yopanda EEE imangotumizirana zizindikiro za idle osapuma pa mawaya onse 8, kaya pali chonyamula kaya palibe. Zimandipweteka kuona magetsi akupsa choncho pa kachipangizo kamene pa sekondi 60 kamalankhula osakwana sekondi imodzi.

Ndalemba get_eee ndi set_eee mu ethtool_ops, ndayatsa LPI (Low Power Idle, kugona kwa link) mu MAC potsatira buku la chip, ndipo `ethtool --show-eee eth0` ikuyankha kuti "enabled - active". Mavuto ayambira pomwepo.

Pa switch yakale yopanda EEE zonse zili bwino, kungoti pamenepo ethtool imati "enabled - inactive". Ndikalumikiza pa switch yatsopano n'kuchita ping kuchokera pa laputopu, kamodzi pa sekondi, mayankho ena sakufika. Osati onse, koma okwanira kundiwonongera ntchito. Ndikachita `ping -f`, yotumiza mapaketi mosalekeza, sipatayika ngakhale imodzi. Ndinatsegula tcpdump mbali zonse ziwiri: pa kabodi ndikuona funso likulowa, yankho likutuluka, koma pa laputopu yankholo kulibe. Lasowa panjira. SSH imabisa vutoli chifukwa TCP imabwereza yokha, umangomva kakuchedwa ukalemba chilembo choyamba utakhala chete kanthawi. Koma timauthenga tanga ta UDP tikapita tapitiratu.

Ndinakweza tx-timer kuchoka pa ma microsecond (µs) 1000 kufika pa 100000 poganiza kuti MAC ikufulumira kugona. Palibe chasintha.

Vuto lachiwiri: ndikasintha MTU (malire a kukula kwa paketi) link ili moyo, driver imachita reset ya DMA (gawo losamutsa mapaketi pakati pa MAC ndi memory), ndipo nthawi zina resetyo simatha, imangodikira mpaka nthawi kutha. Izinso zikuchitika pa switch yatsopano yokha.

Mnzanga wa kuntchito akuti ndingoika `eee-broken-1000t` mu device tree (fayilo youza Linux mmene bodi ilili) kuti EEE isayake, tipite kwina, ntchito ndi yambiri. Ndikumumvetsa, koma sindikufuna kulemba kuti chinthu n'chowonongeka pamene mwina wolakwa ndi ine. Kodi ndiyang'ane pati? Nanga inu amene mumasamala ma driver, EEE mumaisiya yoyaka kapena yozima munthu akangolumikiza waya koyamba?

Tiyamike

A Kondwani, mwafotokoza bwino, ndipo mmene mwaonetsera kuti `ping -f` sitaya kanthu mwatipatsa kale theka la yankho. Vuto lanu lili pa kudzuka, ndipo tx-timer yomwe mukusinthayo ndi ya kugona. Anthu ambiri amaziphatikiza ziwirizi, inenso ndinataya masiku pa zomwezi.

Tx-timer imangouza MAC kuti idikire nthawi yaitali bwanji yopanda chotumiza isanapemphe LPI. Nthawiyo ikakwana, MAC imauza PHY kuti igone. Pa GMII, mizere ya pakati pa MAC ndi PHY, chizindikiro chake ndi TX_EN pansi, TX_ER pamwamba, ndi 0x01 pa mizere ya data, ndipo RGMII imanyamula zomwezo m'njira yake. PHY imatumiza chizindikiro cha sleep kwa mnzake, pa gigabit zimatenga ma µs pafupifupi 180 mpaka 200, kenako imakhala chete kwa ma ms 20 mpaka 24, n'kudzuka pang'ono kutumiza refresh kuti mbali yolandira isataye kayendedwe ka clock ndi mmene inadzikonzera kuti imve bwino pa wayayo, n'kukhalanso chete. Pa 1000BASE-T wayayo imakhaladi chete pokhapokha mbali zonse ziwiri zapempha LPI, pamene pa 100BASE-TX ndi 10GBASE-T mbali iliyonse imagona payokha.

Tsono paketi ikabwera, MAC imachotsa chizindikiro cha LPI, koma siyenera kuponya paketiyo nthawi yomweyo. Iyenera kutumiza idle wamba kwa nthawi yotchedwa Tw, kuti PHY yanu ndi ya kutsidya zonse zitsegule maso. Pa 1000BASE-T ndi 16.5 µs, pa 100BASE-TX ndi 30 µs, pa 10GBASE-T ndi 4.48 µs. Wodikira nthawi imeneyi ndi MAC. PHY ilibe posungira paketi, ikapatsidwa isanadzuke imangoitaya kapena kuidula mutu, ndipo MAC yanu imalemba kuti yatumiza bwinobwino. N'chifukwa chake tcpdump ya pa kabodi ikukuonetsani yankho lomwe silinafike kulikonse. Ndipo n'chifukwa chake sizitayika zonse: 16.5 µs ndi malire a lamulo, ma PHY ambiri amadzuka msanga kuposa pamenepo, ndiye Tw yanu ikakhala yaifupi nthawi zina mumapulumuka nthawi zina ayi.

Ping ya sekondi imodzi imapeza link itagona nthawi zonse, kaya tx-timer ndi 1 ms kaya 100 ms. `ping -f` siipatsa mpata wogona n'komwe.

Ndiye onani register ya Tw mu MAC yanu, ndipo musangoona nambala yomwe munalembamo. Funsani kuti nambalayo ikuwerengedwa ndi chiyani. Ma MAC ena amawerenga ma cycle a clock mwachindunji, ena ali ndi register ina yomwe imawauza kuti ma cycle angati apanga microsecond imodzi. Imeneyi ikakhala yolakwika, ngakhale mutalemba 17 kuti mupose 16.5 uja, 17 wanuyo si ma microsecond 17.

Chinanso: chotsani switch pakati. Lumikizani waya kuchoka pa kabodi kupita pa kompyuta yomwe khadi yake ili ndi EEE, muone ndi `ethtool -S` ngati ma CRC error (mapaketi ofika owonongeka) akukwera kumeneko. Switch yopanda polowera singakuuzeni zomwe ikutaya.

Madalitso

Ine ndiyankhula mosiyana pang'ono, mundikhululukire. Ntchito yanga ndi ya zokuzira mawu, mawuwo timawayendetsa pa netiweki, ndipo chinthu choyamba chomwe ndimachita pa switch iliyonse yatsopano ndi kuzimitsa EEE. A Audinate omwe anapanga Dante, njira yoyendetsera mawu pa netiweki, amalangiza zomwezo poyera, chifukwa ma clock a zipangizo amagwirizana kudzera pa PTP, ndipo link yomwe nthawi ina imayankha pompo nthawi ina imayamba yadzuka kaye imasokoneza kuwerenga nthawi.

Tsiku lina tikukonzekera msonkhano, mawu ankaduka kamphindi kakang'ono, kenako n'kubwerera, mwina kamodzi pa mphindi zingapo. Tinasintha mawaya, tinasintha maikolofoni, mpaka usiku. Mapeto ake inali switch yaing'ono yomwe munthu wina anaiwonjezera kuseri kwa siteji, ya mtundu wopanda pozimitsira EEE. Titaichotsa, zonse zii. Kuyambira tsiku limenelo ndikaona tsamba lobiriwira, chizindikiro cha kusunga magetsi, pa bokosi la switch mtima umandigunda.

Ndipo sindili ndekha. Driver ya em pa FreeBSD ili ndi hw.em.eee_setting, ndipo imabwera EEE ili yozima. A Raspberry Pi anaika `dtparam=eee=off` kuti eni ake a 3B+ athe kuizimitsa. Pa Windows, munthu akadandaula kuti intaneti ya waya ikuduka, malangizo oyamba omwe amapatsidwa ndi kulowa mu Advanced pa khadi n'kuzimitsa Energy Efficient Ethernet.

Taonaninso masamu ake. Paketi yodzaza, ya ma byte pafupifupi 1500, imadutsa pa gigabit mu 12 µs. Kudzuka kokha ndi 16.5 µs, kugona pafupifupi 200 µs, ndipo pa nthawi zonsezi PHY ikudya magetsi. Mapaketi akamabwera mmodzimmodzi motalikirana pang'ono, link imatha nthawi yambiri ikugona ndi kudzuka kuposa yomwe ili chete. Phindu lenileni pa doko limodzi la gigabit silifika ngakhale watt imodzi. Kodi n'zoyenera kuika makasitomala anu pa chiswe chifukwa cha zimenezo? Mnzanuyo sakulakwitsa kwenikweni.

Chisomo

A Madalitso, pa ntchito yanu mukunena zoona, ndipo ndikanakhala pa mpando wanu ndikanazimitsanso. Koma taonani kuti chomwe chinakupwetekani usiku umenewo ndi switch yokukanizani kusankha. Driver yolembedwa bwino imakupatsani inuyo mphamvu yozimitsa ndi lamulo limodzi, `ethtool --set-eee eth0 eee off`, ndipo ikazima imakhaladi yozima ngakhale mutazula waya n'kubwezeretsa. Zomwe a Kondwani akulembazi ndi zomwe zikanakupulumutsani. Masamu anu aja ndi oona pa link yomwe mapaketi sasiya kudontha, koma kabodi kawo kamakhala chete masekondi athunthu, ndiye 200 µs sikanthu pamenepo. Zipangizo zotere ndi zomwe EEE inapangidwira.

A Kondwani, za Tw mwauzidwa kale, ine nditenge vuto lanu lachiwiri. Pafupifupi ndikulumbira kuti ndi clock stop. Mu register 3.0 ya PHY, bit 10 imalola PHY kuimitsa clock ya RX pamene mbali inayo ili mu LPI. Ngati munaitana phy_init_eee ndi true pa gawo lachiwiri, mwaiyatsa ndi manja anu. Ma MAC ena amafuna ma clock onse akhale akuyenda kuti reset ya DMA ithe, kuphatikizapo ya RX yochokera ku PHY. Mukasintha MTU link itagona, clockyo yaima, MAC ikudikira chinthu chomwe sichibwera. Pa switch yakale sizichitika chifukwa siitumiza LPI, ndiye clock siima. Ikani false kaye muone. Mukadzafuna kupulumutsa kamagetsi kameneko, muzidzazimitsa clock stop musanachite reset n'kuibwezera pambuyo.

Za `eee-broken-1000t` ndikugwirizana nanu kwathunthu. Device tree imafotokoza mmene chipangizo chilili. Mzere umenewo ulipo chifukwa alipodi mabodi omwe EEE singagwire pa iwo, mwina PHY ili ndi chilema kapena mawaya a pa bodi anayalidwa molakwika. Mukauika pofuna kubisa cholakwa cha driver, wobwera pambuyo panu adzaukhulupirira, ndipo palibe adzayesenso. Ndaona mizere yotere ikukoperedwa kuchoka pa bodi ina kupita pa ina kwa zaka, popanda wokumbukira chifukwa chake.

Pali chinanso chomwe anthu amaiwala akamati "tingoisiya osailemba". Kusalemba EEE mu driver sikutanthauza kuti EEE kulibe. Mgwirizano wake umachitika pa autonegotiation, kukambirana kwa ma PHY awiri akamalumikizana: register 3.20 imanena zomwe PHY ingathe, 7.60 zomwe ikulengeza, 7.61 zomwe mnzake walengeza. Ma PHY ambiri amadzuka pa reset akulengeza kale EEE osafunsa aliyense. Ndiye switch imayamba kutumiza LPI kwa MAC yomwe mwina siidziwa, ndipo mwini wake akafunsa ethtool amangouzidwa "Operation not supported". Ena monga AR8035 ali ndi SmartEEE, pomwe PHY imalowa mu LPI yokha MAC osadziwa. Kotero driver ili ndi ntchito mbali zonse: ngati MAC ikutha EEE, iyendetse moyenera, ngati sikutha, ionetsetse kuti PHY sikulengeza zabodza. Werengani ma register amenewa ndi maso anu. PHY yanu ikakhala ya Clause 22 yokha, mumawafikira kudzera pa register 13 ndi 14, ndipo phy_read_mmd imakuchitirani zimenezo.

Simunatiuze kernel yomwe muli nayo. Ngati ndi 6.9 kapena yatsopano kuposa apo, musalembe zambiri nokha. Itanani phy_support_eee polumikiza PHY, get_eee ndi set_eee zanu zingopereka ntchito kwa phy_ethtool_get_eee ndi phy_ethtool_set_eee, ndipo mu adjust_link muziyang'ana phydev->enable_tx_lpi kuti mudziwe ngati MAC iyatse LPI kapena ayi. Zimenezi zinakonzedwa chifukwa ma driver ambiri ankayang'ana za EEE kamodzi kokha poyamba, pamene yankho lake limasintha nthawi iliyonse link ikagwirizananso. Mu 6.9 momwemo ndi momwe struct ethtool_eee inalowedwa m'malo ndi ethtool_keee m'kati mwa kernel, chifukwa yakaleyo inali ndi ma bit 32 okha ndipo liwiro latsopano silinkakwanamo. Ngati mukugwiritsa phylink, ma kernel atsopano ali ndi mac_enable_tx_lpi ndi mac_disable_tx_lpi, ntchito imachepanso.

Ndipo Tw muziisintha potsatira liwiro. Munthu akalumikiza kabodi kanu pa switch ya 100 Mbps, 17 sakwana.

Kondwani

Zikomo kwambiri nonse atatu. Ndakhala pa benchi kuyambira m'mawa ndipo zonse ziwiri zapezeka.

A Tiyamike, mwalasa. MAC yanga ili ndi register yonena ma cycle a microsecond imodzi, ndipo ine ndinalembamo nambala ya clock ya 50 MHz yomwe ndinaitenga pa chitsanzo cha m'buku. Pa kabodi kathu clock imeneyo ikuyenda pa 125 MHz. Ndiye "microsecond" ya MAC yanga inali 0.4 µs, ndipo 17 wanga uja anali 6.8 µs, osafika ngakhale theka la 16.5. Ndisanakonze ndinachita mmene munanenera, waya wolunjika ku laputopu, ndipo ndinakhala ndikuyang'ana nambala ya CRC error ikukwera nthawi zina ping ikasowa, nthawi zina osakwera n'komwe, kusonyeza kuti mapaketi ena ankafa osafika ndi pakhomo pomwe. Tsopano driver ikufunsa liwiro la clock ndi clk_get_rate n'kuwerengera yokha. Ping yayenda maola asanu pa switch yatsopano ija, kamodzi pa sekondi, yonse yabwerera.

A Chisomo, clock stop inalidi yoyaka, true ndinamuika ndekha osaganiza kuti akukhudza reset. Ndaika false, ndasintha MTU kambirimbiri link itagona, reset ikutha nthawi yomweyo. Kernel ndi 6.12, ndiye ndachotsa zambiri zomwe ndinalemba n'kutsata phy_support_eee ndi enable_tx_lpi. Potero ndapezanso cholakwa chachitatu chomwe sindinkachidziwa: kale ndikazimitsa EEE ndi ethtool n'kuzula waya, pobwezeretsa MAC inkayatsanso LPI yokha. Munthu ngati a Madalitso akanazimitsa n'kukhulupirira kuti yazima, chonsecho ayi. Chimenechi chandiopsa kuposa zina zija.

A Madalitso, mawu anu sindinawataye. Ndinaika chala pa PHY kabodi katakhala chete kwa ola, EEE yoyaka kenako yozima, ndipo kusiyana kwa kutentha kukumveka. Kabodi kathu kamakhala m'bokosi lotseka lopanda fani, ndiye kwa ife nkhani si ya magetsi okha. Ndaganiza kuti EEE ibwere yoyaka, koma m'kabuku ka ogwiritsa ntchito ndilemba pa tsamba loyamba la netiweki mmene angaizimitsire ndi chifukwa chomwe angafunire kutero, makamaka amene ali ndi PTP pa netiweki yomweyo. Ndamuonetsa mnzanga uja nambala za clock, wavomera kuti mzere wa device tree usalowe.

Chatsala ndi 100BASE-TX. Ndaika Tw ya 30 µs link ikagwirizana pa liwiro limenelo, koma ndilibe switch ya 100 Mbps yokhala ndi EEE yoyesera. Ndinayesa `ethtool -s eth0 speed 100 duplex full autoneg off`, ndipo EEE inangoti inactive. Kodi ilipo njira ina?

Tiyamike

Ilipo. Mukazimitsa autoneg mwazimitsanso EEE, chifukwa mgwirizano wake umayenda pa autonegotiation pomwepo. Isiyeni yoyaka, muchepetse zomwe mukulengeza: `ethtool -s eth0 advertise 0x008` ndi 100baseT Full yokha. Switch yanu ya gigabit idzatsika nanu pa 100, ndipo ngati ikulengeza EEE pa liwiro limenelo mudzaona mu "Link partner advertised EEE link modes". Kumbukirani kuti pa 100 mbali iliyonse imagona payokha, ndiye yesaninso laputopu ikutumiza mosalekeza kabodi kali chete, kenako mutembenuze. Mukatha, bwererani pa gigabit osazimitsa kabodi, muwerenge register ya Tw muone ngati yabwerera pa 17, ndipo muchitenso chimodzimodzi pambuyo pa suspend ndi resume.